Nambala ya pa Keke

Keke inafika nthawi yake isanakwane. Evert, mmisiri wa mapampu, anaibweretsa panjinga m'mawa mvula ikumuwaza, n'kuiika patebulo pafupi ndi thanki yoyesera. Pamwamba pake ophika anali atalembapo 62 ndi shuga wofiirira. Unali mwambo wa pamalopo kuti kuyesa kukayenda bwino wina agule keke, koma Evert ndi kudikira sankamwerana madzi.

Wietske Hoekstra anaiyang'ana kekeyo ngati munthu wokhuta kale. Zaka khumi ndi ziwiri anazithera pa kainjini kamodzi, kochepa ngati poto, kokankhira zombo za mlengalenga. Sikayaka moto ngati roketi ayi. Kamatenga magetsi n'kumalavula mpweya wa zenoni mwaliwiro loopsa, ndipo kukankha kwake n'kofanana ndi kulemera kwa envelopu pachikhatho. Ubwino wake kamakankha zaka ndi zaka osatopa. Wotopa anali mwini wakeyu.

Lolemba likudzalo akuluakulu ankasankha injini imodzi yoti ipite kumwamba. Lamulo linali lakuti pa magawo 100 a magetsi olowa, osachepera 60 asanduke mphamvu yokankha. Ikaperewera, gulu la Wietske, anthu asanu ndi anayi, libalalika, kainjini n'kukagona m'kabati. Zaka zitatu zathunthu anali atakakamira pa 57. Dzulo lake, mwadzidzidzi, 62.

"Iwe Wietske, sekako pang'ono," anatero Evert akuvula jekete lonyowa. "Nkhope ngati tili pamaliro bwanji?"

"Tasintha chiyani, Evert, kuti tidumphe magawo asanu?"

"Tasintha mwayi. Khala pansi, mayi iwe, ungatiyambitsire zina."

Sanakhale. Thankiyo inali yaikulu ngati basi, ndipo mapampu asanu ndi limodzi ankayamwa mpweya wonse m'katimo kuti mufanane ndi kumwamba. Pakawindo ankaona kainjini kakuwala buluu, phee. Anaizungulira thankiyo mwaulesi, mawondo akudandaula, mpaka anaima. Kugunda kwa mapampuwo anakumva zaka zonsezi kuposa mawu a mwamuna wake, ndipo lero kunali ndi mpata. Anaika dzanja pa pampu yachinayi. Inali zii, yosagunda.

"Geji ikuti zonse zili bwino," anatero Evert atafika pambuyo pake. Kenako anagwira pakamwa. Sabata yatha anaisuntha yekha gejiyo, yoyeza mpweya wotsala m'thankimo, kuti waya adutse, n'kuiika kumapeto kwa thanki, pakamwa penipeni pa mapampu amoyo, pomwe mpweya sungachedwe.

Onse awiri anadziwa tanthauzo lake. Zenoni wolavulidwa sankachoka yense. Wina ankatsalira, kainjini n'kumamumezanso, kumulavula kachiwiri, ulere. Sikelo inkayesa kukankha konseko, koma mpweya wobwerezawo panalibe ankauwerenga. Kumwamba kulibe zotsalira zoti n'kutolera.

"Adziwa ndani?" Evert ananong'ona. "Pepala likuti 62. Ine sindinaone kanthu, iwenso sunaone."

Wietske anafuna kuvomera. Anafunadi, ndi mtima wake wonse, moti anachita manyazi. Anali ndi zaka 58, ndipo mphamvu zoyambanso china analibe.

"Chidziwa ndi chombo," anatero potsiriza. "Zaka zinayi kutsogoloku mpweya ukadzachithera pakati panjira, ukachitenga ndiwe panjinga yakoyo?"

Evert sanaseke. Anatenga zida zake, n'kupeza kuti chazimitsa pampuyo ndi fyuzi yopsa chabe, kanthu kochepa ngati njere ya nyemba. Anabwezera geji pamalo pake, ndipo onse awiri anadikira maola asanu kuti mpweya wotsalirawo uyamwidwe wonse, akumwa khofi woipa wa m'makina. Itakwana 3 koloko Wietske anayatsanso kainjini. Nambala inagwedezeka, inagwedezeka, kenako inakhazikika pa 57, pomwe inkakhala masiku onse.

Anzawo a m'gulu lija analowa ndi mbale ndi mafoloko, akuomba m'manja. Anaona kompyuta, manja anagwa.

"Lolemba ndikanena ndekha," anatero Wietske. "Evert, mpeni."

Anapala nambala ya shuga ija pang'onopang'ono, n'kupukutira mpeni m'mphepete mwa katoni. Kenako anadula zidutswa zisanu ndi zinayi, akuyang'ana nkhope ya aliyense pomupatsa, poti sankadziwa ngati adzadulanso keke pamalopo. Chake anadya chiimire. Inali keke yokoma kwambiri, ndipo n'chimene chinamupweteka.