Kagalimoto Kopanda Mphuno

Zovala zinali zikadali m'makina ochapira, mpunga unali utatha, mwana wake Chipo anafunika kukabayitsa katemera, masana kunalinso ntchito yosambitsa nkhalamba ina ku North York, kudziko lakunja kumene ankakhalako — koma Vainess anangoti chilili m'khitchini, maso ali pa chithunzi chimene mlamu wake anatumiza kuchokera ku Dedza.

Kagalimoto kaja. Koyera, ka ku China, kamene iye mwini anagulira mchimwene wake Medson kuti azinyamula anthu, kanali katafwanyika kutsogolo ngati chitini chopondedwa, chiwongolero chitakanikiza mpando wa dalaivala. Pansi pake mlamuyo analemba kuti, "Ali kuchipatala. Za miyendo sitikudziwa."

Overtone, mwamuna wake, amene amagwira ntchito kufakitale ya zipangizo za galimoto ku Oshawa, anali atamuchenjeza, mpaka kujambula ndi chala patebulo pomwepa, kuti timagalimoto timeneti anatikonzera tinjira topanikiza ta ku China komweko, injini anailowetsa kunsi kwa mipando kuti malo achuluke, ndiye kutsogolo kulibe mphuno, pakati pa mawondo a dalaivala ndi ngozi pali chitsulo chopyapyala basi. Vainess anamuseka, nati iye mwini sukulu analekera Fomu 2 inde, koma galimoto yosamwa mafuta amaidziwa. Nanga si iye yemweyo anauza Medson kuti mipando isanu ndi iwiri ndi masewera, apite kwa owotcherera akaikemo benchi, anthu azithinana? Kapena ndi mabuleki — ayi, Medson ndi waliwiro, ngakhale panjinga ali mwana ankatero — komabe kanthu kopepuka chonchija, katasenza anthu opyola muyeso, kakanaima bwanji pamtsetse?

Chipo anamukoka siketi. "Mami, njala."

Anamupatsa buledi osamuyang'ana. Anaimbira Overtone, koma foni itangoyamba kuitana anadula yekha, chifukwa bamboyo sakanakalipa ayi, akanangokhala chete, ndipo chete ameneyo ndi amene Vainess sakanatha kumusenza.

Kagalimotoko kanamudyera zaka ziwiri zogwira ntchito ndi Lamulungu lomwe, jekete la chisanu limene sanagule, ndi maliro a bambo ake amene anangowaonera pafoni. Zimenezo mtengo wake ankaudziwa, anali ataulipira kale.

Foni inayamba kunjenjemera m'manja mwake, dzina la mlamu likuwala. Vainess sanayankhe msanga. Anawerama n'kuona mawondo ake, onse awiri athunthu.