Chikwatu cha Olive

Zakeyo sankadziwa kuwerenga bwino, koma mzere wotsika pa khadi la ku sikelo sufuna sukulu. Kachitatu tsopano mwana wake Triza, wa zaka zitatu, anali atapepuka m'malo molemera.

Chimwalirireni mkazi wake Olive mu Okutobala, m'nyumbamo munatsala awiriwo basi. Olive anali wa ku Nambuma, kuno ku Nsaru anabwera pa chitengwa, ndiye mwana anali ndi eni ake kuchikazi. Maliro atatha, Bizwell, mlongo wa Olive, sanapite m'mbali. "Alamu, mwanayu tikusiyirani poti mwachonderera. Tikakolola ndidzabwera. Ndikadzamupeza wofooka, ndidzamutenga."

Zakeyo sanali waulesi. Ankasoka fodya m'chigafa cha eni, ndalama yonse n'kukathera ku golosale: soya, timafuta, mabanzi. Ikatha pakati pa sabata, ndiwo inali mchere. Chonsecho unali Epulo, kuseri kwa nyumba maungu atayanga munda wonse, chisoso ndi bonongwe zili mbwee m'mizere.

Kamodzi anayesapo kuthyola. Benson, mnzake wa pa bawo, anamuona atanyamula lichero.

"Aphiri, kodi chitenje mwaiwala kuti? Munthu wa ndevu kuthyola nkhwani? Ingokwatirani, apo ayi gulani soya ngati mwamuna."

Pa bawo anaseka mpaka kugwetsa nkhomo. Osekawo madzulo anakadya nkhwani wothyola akazi awo, ndipo palibe ngakhale mmodzi anatumiza mbale kwa Triza. Lichero lija Zakeyo analiponya kuseri kwa chitseko.

Tsiku la sikelo anakhala payekha kumapeto kwa benchi, amayi akucheza okhaokha. A Yunisi, alangizi a zaumoyo, anayang'ana khadi lija nthawi yaitali.

"Bambo a Triza, tsalirani kaye. Dzulo mwanayu anadya chiyani?"

"Banzi ndi tiyi. Masana soya."

"Dzana?"

Zakeyo anayang'ana pansi. "Zinthu zadula, amayi. Ndikakumba mtedza ndigulitsa wonse kwa mavenda, ndimugulire zabwino."

"Mugulitse mtedza motchipa kuti mukagule mafuta modula, eti? Ndimadutsa pamunda panu popita ku Kabudula. Ino ndi nyengo ya masika, ndiwo sagula. Ku golosale gulani mchere ndi sopo, yotsalayo usipa kapena dzira apo ndi apo. Mtedza sungani, muzisinja. Nsinjiro m'phala, nsinjiro mu nkhwani, dzungu m'mawa m'malo mwa banzi. Masamba enawo mufutse, chifukwa dzuwa likadzatentha adzakhala a ndalama."

"Kufutsa sinditha."

"Muwiritse pang'ono chabe, muyanike pamphasa yoyera pamthunzi mpaka aume."

"Amandiseka, amayi."

A Yunisi anatseka khadi lija n'kumupatsa m'manja. "Okusekaniwo, mwana akadzapita ku Nambuma, adzabwera kudzakhala nanu m'nyumba muja?"

Zakeyo anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo. Kudenga la khitchini kunkalendewera chikwatu, mpukutu wa mfutso womanga ndi masamba a masuku, chitadetsedwa ndi utsi. Chinali chomaliza chomwe Olive anamanga. Miyezi yonseyi ankangochiyang'ana, osachikhudza. Tsikulo anachitsitsa, nakhala pakhomo n'kumamasula luzi pang'onopang'ono, akuona mmene mkazi wake anazunguzira, pomwe anapinda, pomwe anamanga mfundo ziwiri zopingasa. Anamanganso, kumasula, kumanganso, mpaka zala zinazolowera. Mfutsowo anaphika, nathiramo nsinjiro za timtedza totsala m'thumba. Triza ananyambita mbale. Iye anadya pang'ono.

M'mawa mwake anatenga lichero. Njira ya kuseri inalipo, koma anadutsa dala pa bawo.

"Wawa Naphiri," anatero Benson.

"Wawa. Mukafuna ndiwo mutumize mbale."

Anasekabe, koma mwa apo ndi apo. Pa bawo Zakeyo sanakhalenso. Masana ankakhala pakhonde ndi Triza, akusadzula nkhwani, mwanayo akutola timitsitsi tomwe bambo ake ataya. Mavenda atabwera ndi sikelo zawo, anagulitsa thumba limodzi lokha la mtedza, awiri n'kukweza m'nyumba.

Bizwell anafika kumapeto kwa Juni pa njinga, atamangirira kale nsalu pa kaliyala pokhalira mwana. Anapempha khadi. Mzere unali utayamba kukwera, osati kwambiri, koma kukwera ndithu. Anadya mfutso wotendera, Triza akumulanda dzungu m'mbale.

"Alamu, mwapeza mayi wina eti? Musandibisire."

"Ayi, alamu. Tilipo awiri omwewa."

"Nanga waphika ndani?"

Zakeyo anamutengera ku khitchini. Kudenga kunali zikwatu zinayi zatsopano. Bizwell anagwira chimodzi, nachitembenuza, chala chili pa mfundo ziwiri zija.

"Kamangidwe aka n'kakwathu," anatero motsitsa mawu. "Amayi ndiwo anamuphunzitsa Olive."

Dzuwa litapendeka anamasula nsalu ija pa kaliyala, nakulungamo chikwatu chomwe mlamu wake anamupatsa. Anapalasa yekha kulowera ku Nambuma. Zakeyo anaima pabwalo mpaka njinga inabisika, kenako anabereka Triza kumbuyo n'kupita kukatunga madzi.

Phunziro: Nthawi ya masika chakudya chabwino chili m'munda mwathu momwemo. Tidye za nyengo yake, tisunge mtedza, tifutse masamba, ndalama igule zomwe sitingalime. Ndipo bambo wothyola ndiwo za mwana wake sanalakwe. Wolakwa ndi uja amaseka osabweretsa mbale.