Ndowa ya M'bafa

Madzi anatuluka m'mawa patatha masiku atatu, ndipo ndinadzaza chilichonse chokhala ndi kukamwa: mapoto, beseni, ndowa yaikulu ya m'bafa. Matewera anali mulu, apongozi anali m'njira, ndipo mwana wanga wa miyezi khumi anali atadziwa kukwawa.

Ndinamukhazika pamphasa, n'kumupatsa chivundikiro cha poto kuti aziseweretsa, ine n'kuyamba kukolopa. Ndili wamng'ono, khanda la mumsewu uno silinkagunda pansi, azimayi ankachita kulandana. Nditabwerako kunja patatha zaka khumi ndi zisanu, ndinapeza mipanda italiitali, agalu, ndi moni wa pazenera la galimoto.

Foni inalira. Anali akulu anga.

"Iwe wakunja, wasesa? Apongozi akowo amayendetsa chala pamwamba pa kabati, ukudziwa?"

"Ndikukolopa, akulu."

"Nanga abwana aang'onowo ali kuti? Sindikuwamva."

Inenso sindinkamumva. Pamphasa panali chivundikiro chokha. Chitseko cha bafa ndinali nditachisiya chotsegula.

Ndinaterereka pasimenti yonyowa, bondo n'kumenya pansi, koma ndinafika. Ndinamupeza ataimirira koyamba chibadwire, atagwira m'mphepete mwa ndowa, mutu atauweramitsira mkati, kaphazi kamodzi kali m'mwamba.

Ndinamutsomphola, ndowayo n'kuigubuduza ndi phazi. Ndinataya ndi madzi a m'beseni omwe, ngakhale mpopi unali utauma kale. Kenako ndinakhala pansi m'madzimo, nditamukumbatira, iye akulira ndi kutambasulira timanja ku ndowa yopanda kanthu.