Muvi Unaima pa Okutobala

Mpaka lero achimwene anga a Malizani sindilankhula nawo bwino, ndipo wina asayerekeze kundiuza kuti ndikhululuke. Nzeru zawo za pashedi yokonzera njinga pa Kasakula paja, kuno ku Ntchisi, ndi zimene zinachotsa bambo anga pamudzi. Ine ndine Elube, mwana womaliza wa a Mateyu, amene anaphunzitsa Sitandade 7 kwathu kuno mpaka imvi zinati mbuu.

Bambo anali ndi makina a dzuwa. Dzina lake lachizungu musandifunse, sindilidziwa. Anali a sukulu ya mishoni yakalekale, ndipo bambo akupuma ntchito ahedi anawauza kuti angowatenga, poti aphunzitsi atsopano ankangosanjikapo choko ndi makiyi. Linali thabwa lozungulira, lalikulu ngati lichero, lokutidwa ndi mkuwa. Pakati panali mpira wamkuwa ngati lalanje, limenelo ndiye dzuwa. Kumapeto kwa mkono wachitsulo kunali dziko lapansi, lopendekeka pang'ono, ndipo pambali pake panali kamwezi. Ukapukusa chogwirira, timawilo tamano tinkalira kuti kete kete kete, dziko n'kumazungulira dzuwa, mwezi n'kumazungulira dziko. M'mphepete mwa thabwalo munalembedwa miyezi yonse ya pachaka, ndipo kamuvi kankaloza mwezi umene dziko lafikapo.

Mudzi wonse unaphunzirira pa makina amenewo. Bambo ankapukusa mpaka muvi ufike pa Disembala, n'kuuza ana kuti, "Taonani mmene dziko lapendekekera. Kwathu kuno tayang'anizana ndi dzuwa, dzinja lafika, mvula imeneyo!" Ana n'kuwomba m'manja. Koma anthu, abale inu! Za kupendekeka zija anaiwala zonse. Chimene chinatsala m'mitu mwawo ndi chakuti a Mateyu akapukusa, mvula imabwera.

Amayi atamwalira, bambo anasiya kuwakhudza makinawo. Manja awo anali atayamba kunjenjemera, maso akuona mwachimbuuzi. Makina anangokhala pakona pabalaza, fumbi n'kudzazamo, mavu n'kumangamo nyumba zawo zadothi, mpaka chogwirira chinauma kuti gwa.

Chaka chimenecho mvula yoyamba inagwa bwino. Tinabzala, chimanga chinamera. Kenako kumwamba kunangoti mbee. Khirisimasi inadutsa, Januwale n'kulowa, dzuwa likuswa mtengo. Chimanga chinapota masamba ngati anyezi, fodya wowokera anapserera m'mizere. Anthu ankadzuka, kuyang'ana kuphiri, n'kubwerera pakhonde osalankhulana.

Tsiku lina Grace, mkazi wa Isake woyandikana nafe nyumba, anabwera kudzabwereka sefa. Ndinamuuza kuti alowe, ndipo ndili kuchipinda kufuna sefayo, iye anawerama pa makina aja. Muvi unali utaima pa Okutobala, mwezi wotentha wopanda dontho. Amene anamuphunzitsa kuwerenga Grace ameneyo ndi bambo omwewo, ndiye taonani zimene anawerenga. Pofika madzulo, pamjigo ponse nkhani inali imodzi, yakuti a Mateyu aimitsa chaka pa Okutobala, amanga mvula.

Nditamva ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Kusekako sikunachedwe kutha. Anthu anasiya kupereka moni pakhomo pathu. Kutchalitchi bambo anakhala okha pabenchi yonse. Ana akawaona panjira ankathawira m'tchire, ndipo masanasana miyala inayamba kugwa padenga pathu. Isake, amene fodya wake yense anali atapsa, ankadutsa pakhomo akulankhula yekha mokweza, dala kuti timve.

Tsono muyenera kudziwa kuti bambo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Bowe, ku Dowa. Anabwera kuno ali mnyamata kudzakwatira amayi, anamanga nyumba, anabzala mango, anakalamba. Koma mudzi ndi wa kuchikazi, ndipo amayi atapita, bambo ankakhala pano mwa chifundo cha amalume a Eliya, mwini mbumba yathu. Amalumewo anabwera m'mawa wina, anakhala pakhonde akuyang'ana pansi, n'kuti, "Alamu, anthu akulankhula. Bwanji mukapumeko kaye kwanu?"

"Kwathu kuti?" anatero bambo. "Amene ankandidziwa ku Bowe onse ali kumanda. Mkazi wanga wagona apa, ana anga anabadwira apa. Mukundithamangitsa, a Eliya?"

"Sindinatero ine. Koma anthuwa akapanda kuziziritsidwa mitima, ine sinditha kuwaletsa."

Amalume atachoka, bambo anatsala pakhonde. Ndinawaona akupukuta maso ndi kolala ya shati, ndipo mtima wanga unawawa kwambiri. Ndinawauza kuti makinawo ndikawaponya m'chimbudzi, nkhani ithe. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Ukatero adzati tabisa umboni, mwana wanga. Ndipo makinawa alakwa chiyani?"

Apa m'pamene anatulukira a Malizani panjinga yawo, manja ali bii ndi girizi, atanyamula nzeru zawo. Achimwene angawa amakhulupirira kuti palibe chinthu padziko chimene sichikonzeka ndi sipanala.

"Nkhaniyi ndi yaing'ono," anatero. "Akuti mvula yamangidwa m'makinamu, eti? Ine ndiwakonza. Tiitane mudzi wonse, bambo mupukuse pamaso pawo mpaka muvi ufike pa Januwale. Mvula sibwera. Achita manyazi okha, basi."

"Nanga ikabwera?" ndinafunsa.

"Iwe Elube, tatuluka panjapo. Ukuonapo kamtambo?"

Bambo anakana. Anati, "Ndikapukusa chifukwa iwo alamula, ndiye kuti ndavomera kuti mvula ili m'manja mwanga." Mawu anzeru amenewo, ndipo akadangokakamira pomwepo. Koma a Malizani akagwira nkhani sataya. Anawanyengerera tsiku lonse, mawa lake n'kubweranso, mpaka anawakumbutsa zimene ananena amalume, kuti anthu akazizira mitima palibe wowachotsa pamudzi. Bambo anagwedeza mutu kuvomera. Chimene ankafuna iwo ndi kufera m'nyumba yawo, palibenso china.

A Malizani anatokosola nyumba za mavu ndi sipoko ya njinga, anatsuka timawilo ndi parafini, anathira oyilo, anapukuta mkuwa mpaka unawala. Muvi sanausunthe, ati anthu adzaone okha ukuchoka pa Okutobala. Ankaimba mluzu pogwira ntchitoyo, ine ndikupsa mtima kukhitchini.

Anapangana ndi anthu a m'mudzi kuti adzasonkhane Loweruka masana. Kutacha tsiku limenelo thupi langa silinakondwe. Kunatentha kutentha kwina, kwa thukuta lomata, mphepo itaima. Linthumbu linali litadula njira ya kumjigo, ndipo anamzeze ankauluka chapansipansi. Cha kuphiri, kumwamba kunali kutayamba kuda. Ine ndine mlimi, zimenezi ndimazidziwa. Ndinathamangira a Malizani n'kuwakokera kuseri kwa nyumba.

"Achimwene, imitsani zimenezi. Tiwauze abwere tsiku lina."

"Zakhala zikuda choncho kuyambira Khirisimasi, n'kumangopita," anatero. "Ndipo taona, anthu afika kale. Tikawabweza, si ndiye anena kuti taopa?"

Anthu analidi atadzaza pansi pa mtengo wa mango, ena atakhala pamiyala, ena chilili. Panalibe woseka. A Malizani anaika tebulo pakati n'kusanjikapo makina. Bambo anatuluka atavala jekete yawo yakale ya kusukulu ndi tayi, m'kutentha konse kuja. Anaima kutsogolo kwa tebulo, anatsokomola, n'kuyamba: "Ana inu, mukukumbukira kuti dziko lathuli ndi lopendekeka, ndiye likamazungulira..."

"Za m'kalasi ayi, aphunzitsi," anawadula Isake. "Pukusani."

Bambo anagwira chogwirira ndi manja onse awiri. Kete kete kete. Dziko linasuntha, kamwezi n'kumathamanga mozungulira. Muvi unachoka pa Okutobala, unadutsa Novembala, Disembala, n'kufika pa Januwale. Bambo anasiya. Anthu onse anayang'ana kumwamba, ndipo dzuwa linali pomwepo, likuwawotcha pamphumi.

"Mwaona?" anakuwa a Malizani. "Ili kuti mvulayo? Isake, tsegula ambulera, unyowatu!"

Ena anaseka mwamanyazi. Mayi wina wachikulire anati, "Tamulakwira munthuyu," n'kudzuka kukutumula chitenje. Anthu anayamba kubalalika awiriawiri. Bambo anakhala pampando akupuma mwabefu, koma akumwetulira. Ndinali nditayamba kuganiza kuti mwina achimwene anga ali ndi nzeru ndithu.

Kenako mphepo inawomba kuchokera kuphiri, yozizira, masamba a mango n'kuyoyoka patebulo. Ndinamva fungo la dothi lonyowa. Mayo ine! Chimanga changa chinali kufa m'munda ngati cha wina aliyense, ana anga ndinalibe chodzawadyetsa, koma ndinaima pamenepo ndikupemphera ndi mtima wonse kuti, Ambuye, isagwe lero, igwe mawa, igwe mkuja, lero lokha ayi. Dontho loyamba linagwera pa mkuwa paja kuti tha. Lachiwiri. Kunagunda kamodzi, kenako inangokhuthuka.

Mayi wina anayamba nthungululu, koma anaidula pakati. Amene anali atanyamuka anabwerera, ndipo palibe amene anathawira pakhonde. Anangoima m'mvulamo, madzi akutsika kumaso, akuyang'ana bambo anga.

"Ndiye nthawi yonseyi munali nayo," anatero Isake. "Fodya wanga akupsa, ana athu akugona ndi njala, inu muli nayo m'nyumba!"

"Isake, mwana wanga, mitamboyi inali ikubwera kale," anayamba bambo.

Sindinaone amene anaponya. Chidutswa cha njerwa chinawamenya bambo pamwamba pa diso, iwo n'kugwa chagada pamodzi ndi mpando. Wina anagubuduza tebulo, anyamata n'kuyamba kuponda makina aja m'matope. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Ndinawatchula maina mmodzimmodzi, onsewo ana a m'kalasi mwa bambo, ndinawatukwana zimene sindingabwereze pano. A Malizani, chilungamo chake ndinene, anawanyamula bambo n'kuthamanga nawo m'nyumba, miyala ikuwagwera pamsana. Mawindo onse anasweka.

Amene anaimitsa anthu ndi amalume a Eliya. Anaima pakhomo atatambasula manja n'kukuwa kuti, "Pambumba panga musaphe munthu! Mkamwiniyu akuchoka lero lomwe, akupita kwawo!" Anthu anabwerera m'mbuyo. Umo ndi mmene amalume anawapulumutsira bambo, powachita chinthu chomwecho chimene bambo ankachiopa.

Amalume anaitana wa njinga yamoto. Ndinawamanga bambo chitenje kumutu, magazi akudutsa nsalu, n'kuwaikira zovala pang'ono m'jumbo. Sanafunse za makina. Anapempha kuti adutsire kumanda akatsanzike amayi, koma amalume anakana, ati anthu adzati akukasiyako mankhwala. Anawakweza pakati, woyendetsa kutsogolo, a Malizani kumbuyo atawagwira m'chiuno. Anthu anali ataima m'mbali mwa njira, mvula ikugwabe.

Njinga italira kale, bambo anatambasula dzanja, madzi n'kudzaza m'chikhatho. Analiyang'ana ndi diso limodzi limene chitenje sichinaphimbe, n'kundiitana.

"Elube, yalowa pansi imeneyi. Mawa ulawire, ukapakize m'mene munafa mbewu. Mbewu yotsala ili m'chitini pansi pa bedi langa."

Ndinalawiradi. Ndinapakiza ndikulira, matope akumata kukhasu. M'munda woyandikana nawo munali Grace ndi Isake, nawonso akupakiza, ndipo Grace anaweramuka n'kundipatsa moni ngati palibe chachitika: "Mwadzuka bwanji a Elube? Yagwatu bwino, eti?"

Chimanga chimenecho chinabereka, koma bambo sanachilawe. Anamwalira ku Bowe chisanakhwime, m'nyumba ya mdzukulu wa mlongo wawo amene ankawatchula kuti agogo a ku Ntchisi, ndipo anaikidwa komweko.