Dandaulo la a Kalaliki

M'nyumba yosungira okalamba ija, tsiku lobwera woyendera silinkalengezedwa kwa okhalamo, koma aliyense ankalidziwa ndi mphuno. Mankhwala okolopera ankamveka mpaka pakhonde, makatani ankachapidwa, ndipo a manijala, amene masiku onse ankangodutsa ngati akuthamangira basi, ankayamba kuima pakhomo lililonse kufunsa anthu mmene adzukira.

A Kalaliki, a m'chipinda chakumapeto, anameta ndevu m'mawa umenewo mpaka kudzicheka pachibwano. Anagwira ntchito kukhoti zaka makumi atatu, kulemba mawu a anthu ena, ndipo dzina la ntchitoyo linawakanirira mpaka muukalamba. Akazi awo anatsogola kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo ankakhala kutali, ndipo akati waimba foni ndiye kuti ali pamsewu, mawu akudukaduka. Choncho mlendo wawo weniweni anali mayi woyendera, wochokera ku ofesi ya boma yoona za nyumba zotere.

Chaka chapitacho nyumbayo inapezeka ndi zolakwa. Mabelu oitanira osamalira anali akufa, mafayilo a mankhwala ali balala. Pa chifukwa chimenecho mayiyo anabwera katatu m'chaka chimodzi. Ulendo uliwonse ankatseka chitseko, kukoka mpando, kukhala pansi bwinobwino, n'kufunsa. Iwo akayankha, iye ankalemba. Ngakhale asochere n'kuyamba za akazi awo, za njinga yawo yoyamba, iye sankayang'ana wotchi. A Kalaliki ankamusowa mayiyo koopsa, ndipo ankachita nazo manyazi.

Amene anawatayitsa mtima anali Liwiro, mayi wosamalira mbali yawo, amene anapatsidwa dzinali chifukwa sankadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Ananena akuwamanga mabatani a malaya.

"Ulendo uno tikhoza, agogo. Mabelu onse akulira, mafayilo ali m'malo. Ndipotu tikakhoza, sabweranso mpaka zaka zitatu. Tipumeko abale!"

"Zitatu?"

"Zitatu zathunthu. Tukulani chibwano. Mwadzichekanso? Kodi mukukafunsira mbeta?"

A Kalaliki anaseka nawo. Koma anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi ziwiri, ndipo masamu ankawadziwa.

Liwiro atatuluka, iwo anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kuluka bodza. Kukhoti anaphunzira kuti bodza lokhalitsa limakhala laling'ono, lokhala ndi tsiku ndi ola lake. Ankangofuna kacholakwa kamodzi, kokwanira kuti mayiyo adzabwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Mayi woyendera anafika pachipinda chawo dzuwa litapendeka. Anali atayamba imvi pang'ono, nsapato zake zafulati zitatha kumbali. Anatseka chitseko n'kukoka mpando.

"Bambo, mwakhala bwanji chionanirane?"

"Tilipo, mayi. Koma ndili ndi dandaulo."

Cholembera chinadzuka.

"Lachiwiri lapitali, itangokwana thu koloko masana, ndinaliza belu. Ndinkafuna kupita kuchimbudzi. Padatha ola lathunthu popanda wobwera."

Mayiyo analemba zonse, osakweza nkhope. Kenaka anatsegula fayilo ina n'kutsetsereka ndi chala pa ndandanda wa ogwira ntchito.

"Lachiwiri masana mbali ino kunali munthu mmodzi, mayi amene mumamutcha Liwiro uja. Ndiyenera kumuitana kuti afotokoze, ndipo nkhaniyi ikhala m'fayilo yake."

Apa ndiye panawathina. Iwo ankaganiza kuti mlanduwo ugwera nyumba, makoma ndi mawaya ake. Zaka zonse zija za kukhoti anaiwala bwanji kuti mlandu sugwera khoma? Lachiwiri limenelo Liwiro anafika chala chawo chisanachoke pabelu, ndipo anawapeza zitawatayikira kale, n'kuwasambitsa akuimba kanyimbo kuti asachite manyazi.

"Fufutani," anatero.

"Bambo, musaope. Palibe amene angakuchiteni kanthu chifukwa chodandaula."

"Sindikuopa. Ndanama. Mwana uja amabwera ndisanamalize n'kuitana komwe. Fufutani, chonde."

Mayiyo anadula mzere pa zimene analemba zija, n'kusaina pambali monga mwa lamulo.

"Nanga munanameranji?"

A Kalaliki anayang'ana manja awo. Anali asanakonzekere funso limeneli, ndipo choonadi chinangotuluka chokha.

"Akuti tikakhoza simubweranso mpaka zaka zitatu. Ine ndimakusowani, mayi. Kuno amatisamala, sindikana. Amatidyetsa, amatisambitsa, amatitembenuza. Koma aliyense amakhala ataimirira. Amene amakhala pansi ndinu nokha."

Mayiyo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi, ngakhale kuti sanali akuda.

"Simungamabwere chabe? Loweruka lina lililonse, popanda mafayilo?"

"Sindiloledwa, bambo. Nyumba imene ndimayendera sindingakhale ndi mnzanga m'katimo. Angati ndikukondera."

"Ndi lamulo labwino," anatero a Kalaliki, ndipo ankanenadi zoona. Chimenecho n'chimene chinawapweteka kwambiri.

Anapitiriza mafunso a pafomu. Chakudya chimakwana? Chimakwana. Mankhwala amabwera pa nthawi yake? Pa nthawi yake. Akamakusambitsani amatseka chitseko? Amatseka. Amakulemekezani? Kwambiri. Yankho lililonse linali loona, ndipo lililonse linkamukankhira mayiyo kutali. Iwo ankaona cholembera chikutsika ndi tsamba, bokosi ndi bokosi, mpaka chinafika pansi penipeni.

"Funso lomaliza," anatero mayiyo, mawu atatsika. "Pali china chilichonse chimene mukufuna kuwonjezera?"

Panja pa chitseko panadutsa kangolo ka tiyi, makapu akugundana. A Kalaliki anasuzumira pafomupo. Pansi pa funsolo panali timizere titatu tokha.

"Funso limeneli lili ndi malire a nthawi?"

Mayiyo anatembenuza pepalalo, kuyang'ana kumbuyo kwake komwe kunali koyera.

"Sanalembepo malire."

"Ndiye chilipo," anatero a Kalaliki, akudzikonza pabedipo. "Koma n'chachitali, ndipo ine masiku ano ndimayankhula pang'onopang'ono. Mulembe zonse, mayi. Ulendo winawo mudzapeza wina m'chipinda muno."