Tsaya la Tithokoze

Idah potuluka m'bafa, chitenje chili pachifuwa, anapeza mwamuna wake Willard atagwada pakhonde, atapana mutu wa mwana ndi mawondo. Tithokoze, mwana wawo wa zaka zisanu ndi chimodzi, anali atagwera pa lata lakale la mpanda pothamangitsa nkhuku, tsaya n'kung'ambika pansi pa diso. Bala silinali lalikulu, koma magazi anali atatsikira mpaka m'khosi.

"Mukumuthira chiyani mwanayo?"

"Mafuta a buleki," anatero Willard, yemwe anali makaniko wa maminibasi. "Kugalaja tonse timathira omwewa. Taonani dzanja ili, linaonako dokotala?"

"Dzanja lanulo ndi tayala. Iyi ndi nkhope ya mtsikana!"

Mwana analira mpaka mawu kusasa. Willard anapukuta manja pa ovolosi. "Ngati simukukhutira, pitani naye kwa a Ambrosi. Ine ndachedwa."

A Ambrosi anali ndi kakiliniki kuseri kwa chigayo, komweko ku Bangwe, pafupi moti phala silingazizire usanafike. Tithokoze ankamudziwa kuyambira ali kumsana. Dzanja lawo linali labwino, koma pakamwa panali polusa. Chaka chatha mwana yemweyu atapsa ndi tiyi, Idah anamupaka kolugeti, ndipo a Ambrosi anakuwa anthu onse a pabenchi akumva: "Mayi a Tithokoze, mwendo wa mwana si mano ayi!" Mwezi wathunthu amayi anzake ogulitsa tomato kumsika ankamufunsa ngati lero watsuka kale mwendo.

"Ndikawauze chiyani a Ambrosi?" anatero Idah. "Kuti kwathu mwana timamuyesa minibasi? Ndikupita kuchipatala chachikulu m'tauni."

"Kabala aka? Kumeneko n'kwa anthu a ngozi zenizeni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi."

"Miyambi mukanaikumbuka musanatsegule botololo."

Mumtima ankadziwa chifukwa chake chenicheni: m'tauni palibe ankamudziwa dzina.

Anakwera maminibasi awiri. Ya ku Limbe inaima nthawi yaitali kudikira kudzaza, ndipo pofika kuchipatala dzuwa linali litakwera. Pakhomo la mbali ya ngozi za ana panali nesi wosankha odwala, kuti wodwalitsa alowe msanga. Anakweza kansalu komwe Idah anaphimba pabala.

"Anakomoka? Wasanza?"

"Ayi."

"Mwathirapo china chilichonse?"

Idah anayang'ana amayi amene anali pamzere kumbuyo kwake. "Ayi, sisita. Madzi okha."

"Chabwino. Khalani pabenchi lakumapetolo. Mudikira ndithu."

Anadikiradi. Anadutsa mnyamata wogundidwa ndi njinga yamoto, atanyamulidwa ndi anthu atatu. Linadutsa khanda lokomoka, mayi ake akuthamanga opanda nsapato. Aliyense wotere akafika, benchi la Idah silinkasuntha, ndipo iye sanadandaule, poti maso anali nawo.

Mayi wina amene anakhala pafupi, mwana wake akupuma ngati akukoka mpweya m'kabango, anasuzumira. "Anuwa atani?"

"Anagwera pa lata."

"Basi?" Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kwanuko kulibe chipatala?"

Idah anatsegula chikwama ngati akufuna kanthu.

Masana Tithokoze anasiya kulira, n'kugona pamiyendo pa mayi ake. Tsaya linali likutupa, diso likutsekeka pang'onopang'ono. Kawiri konse Idah anadzuka kuti akamuuze nesi uja zoona. Kawiri konse anafika pakati pa njira, n'kuona anthu, n'kubwerera.

Anaitanidwa cha m'ma folo koloko. Dokotala anali mtsikana wamng'ono, wotopa m'maso. Anachotsa nsalu, anawerama, kenako ananunkhiza.

"Mayi, apa panathiridwa chiyani?"

"Mafuta a buleki," anatero Idah motsitsa mawu. "Bambo ake."

"Nthawi yanji?"

"M'mamawa."

Dokotala sanakalipe. "Mukananena pakhomo paja, tikanatsuka nthawi yomweyo. Panopa m'mphepete mwa bala mwapsa, ndipo latupa. Ndikasoka nditsekera zoipa m'kati. Lipola lokha, kuchokera pansi."

"Ndiye chipsera?"

"Chikhalapo."

Anatsuka, anamata, anabaya jakisoni wa kafumbata, n'kulemba m'kabuku ka mwana. "Bala ili lizitsukidwa tsiku lililonse. Musavutike kubwera kuno, pitani kuchipatala cha pafupi ndi kwanu."

Kunyumba Willard anafunsa kuti asoka masitichi angati. Idah anangomupatsa kabukuko. Mwamunayo anawerenga movutikira, anatuluka, n'kukakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba. Idah anali atakonza mawu ambiri mu minibasi, koma sanamutsatire. Mafuta anathira ndi Willard, inde. Koma maola asanu ndi anayi ochedwa aja anali a Idah mwini.

M'mawa mwake anali woyamba pakhomo la a Ambrosi. Kumbuyo kwake kunakhala amayi atatu, mmodzi wa kumsika. Idah sanadikire kufunsidwa. Ananena zonse mokweza: lata, mafuta, maminibasi, bodza la pakhomo. Kenako anaimika mutu kudikira chipongwe.

A Ambrosi anawerenga kabuku, anamatula bandeji mosamala, anayang'ana nthawi yaitali.

"Dzulo ndinatsegula seveni koloko," anatero. "Mpaka naini panalibe munthu. Kutsuka bwinobwino, masitichi atatu, bwenzi pofika Khirisimasi mukuchita kufunafuna pamene panali bala."

"Ndinaopa pakamwa panu, adokotala."

Mkuluyo anaima, thonje lili m'manja. Anayang'ana Idah, anayang'ana amayi a pabenchi.

"Pakamwa panga," anatero pang'onopang'ono.

Tithokoze anakoka malaya awo oyera. "Agogo, chipserachi chidzachoka?"

"Chidzachepa, mwana wanga. Ukamakula chizichepa."

"Koma chidzachoka?"

A Ambrosi anaviika thonje m'mankhwala. "Mayi, mugwireni mutu. Apa pawawa."

Idah anagwira mutu wa mwana wake ndi manja awiri, ndipo sanayang'ane kumbali.