Kachitsulo ka Pansi pa Sikelo

Mwana wathu anabadwa wochepa ngati botolo la mafuta ophikira. Potitulutsa m'chipatala, anamwino sanapite m'mbali: "Mudzabwere naye Lachisanu la sabata yamawa. Akapanda kufika makilogalamu awiri ndi theka, tidzamugonekanso."

Ine zobwerera kumeneko sindinkazifuna n'komwe. Chipinda chathu n'chimodzi, m'mwamba mwenimweni mwa nyumba yosanja, ndipo ukatsegula kabati, chitseko cha kubafa sichitsegukanso. Mwanayo ankagona m'dirowa momwe bambo ake anachotsamo malaya awo. Komabe panali pathu.

Ndinkamudzutsa pafupipafupi kuti ayamwe, kenako n'kumamukweza m'manja kuti ndimve ngati walemera. Manja amanama. Bambo ake akaweruka ku basi yomwe amayendetsa ankamunyamula n'kunena kuti, "Wanenepatu uyu, andithyola msana." Amenewo mukanawapatsa pilo akananenanso zomwezo.

Pansi pa nyumbayo pali kagolosale. Eni ake ndi bambo achikulire, osakonda zolankhula, ndipo aliyense ankadandaula kuti kilogalamu ya mpunga wa pamenepo sichedwa kutha. Ine ndinakanganapo nawo kawiri ndili woyembekezera. Koma sikelo ina pafupi panalibe, ndiye Lolemba m'mawa ndinangolimba mtima n'kutsika masitepe, mwana ali pachifuwa. Ndinapezamo amayi awiri akudikira shuga.

"Bambo, mundiyezereko mwanayu."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso mwana. Anapukuta mbale ya sikelo, ine n'kumugonekapo. Muvi unayenda n'kukaima ndendende pa awiri ndi theka. Ndinaseka misozi ili m'maso.

"Wafika! Basi, ndisiye zomudzutsadzutsa. Nanenso ndipumeko."

Eni golosale aja sanaseke. Anafunsa kuti, "Akapanda kufika pamenepo zikhala bwanji?"

"Akamugonekanso kuchipatala."

Anakanda m'mutu, n'kuyang'ana amayi awiri aja kanthawi ndithu.

"Tamunyamulani kaye, mayi."

Anachotsa mbale ija n'kuitembenuza. Kunsi kwake kunali kachitsulo komatidwa ndi chingamu. Anakamatula ndi chikhadabo, n'kukaika pakauntala tonse tikuona.

"Mugonekeninso."

Ulendo uno muvi sunafike. Unaperewera magalamu zana limodzi.

"Musasiye kumudzutsa," anatero.

"Oho! Ndiye shuga wathu amathera pamenepa eti?" anakuwa mmodzi wa amayi aja, manja ali m'chiuno. Onse awiri anatuluka osagula kanthu, ndipo ndinadziwa kuti pofika masana nkhani ikhala itakwera masitepe onse. Ine mantha anali atandigwiranso, ndipo munthu amene ndinkamuti wakuba ndinkamumvera chisoni.

Masiku anayi amenewo ndinkangoyamwitsa basi. Mbale zinaunjikana, zovala zinadzaza beseni. Lachisanu anamwino anamuyeza, anapeza kuti wapitirira ndi magalamu makumi awiri, ndipo anatiuza kuti tizipita kwathu.

Pobwerera ndinadzera m'kagolosale muja. Munalibe wogula ndi mmodzi yemwe. Kachitsulo kaja kanali pomwe anakasiya.

"Wafika?"

"Wafika, bambo."

Anangogwedeza mutu, n'kuyamba kupukuta kauntala yomwe inali yoyera kale.

Mpunga kunyumba unalipo, koma ndinagula kilogalamu imodzi. Pokwera masitepe, mwana kudzanja ili, mpunga kudzanja ili, ndinaima kawiri kuti ndipume. Zonse ziwiri zinali zitalemera.